Musafufute Nyimbo ya Tamara

Okondedwa akulu anga ba Yohane,

Muli bwanji ku Joniko, inu ndi alamu? Kuno ku Chawama tili bwino, koma mwana wanga Tamara akutsokomolabe, ndipo mtima wanga sukhala pansi.

Mukukumbukira nyimbo ija ndinapeka mwanayu atabadwa? Lachiwiri ndinakwera minibasi yopita ku Kamwala, ndangomva ikulira m'masipika! Mawu anga, kayimbidwe kanga, koma woimba ndi wina. Munthu wa ku situdiyo uja ndinamusiyira kuti aikonze anakaipatsa woimba wake.

Ndinati, "Ba kondakitala, iyi nyimbo ni yanga."

Anaseka. "Ba mudala, ngati ni yanu, mukwelela chani basi? Motoka yanu ili kuti?"

Basi yonse inafa nacho chiseko. Nyimbo itatha ine sindinasiye, ndinapitiriza ndime yachitatu, ija ya dzina la Tamara, imene iwo anaidula. Amayi ena kumbuyo anati, "Musiyeni, uyu ndiye mwine wake."

Wa situdiyo akuti ndilibe umboni, ndikhale chete azindiitana kukaimba kumbuyo. Ndakana. Mwati ndigulitse gitala ndibwere kumeneko ku ntchito yaulonda. Pepani, sindibwera. Tamara adzadya nyimboyi, osati ana a eni.

Pempho langa ndi ili. Foni yanga yakale inafa, koma inu ndinakutumizirani nyimboyi pa foni tsiku lomwe tinatuluka kuchipatala, kulira kwa mwana kukumveka momwemo. Musafufute, chonde. Nditumizireni lero, tsiku lake lizioneka.

Mulungu akusungeni.

Ine mng'ono wanu,
Mabvuto