Dzina la Zerinda Ndalitchula Ndekha

Loweruka, mwezi wa Juni. Mphepo ya ku Luwawa yalowa m'mafupa, koma mtima wanga uli myaa.

Mchombo wa mdzukulu wanga unagwa, ndipo wotcha dzina ndine, agogo ake akuchimuna. Tsiku lija mwana wanga Yotamu anabwera akukanda mutu: "Adada, mkazi wanga NyaJere akufuna mwanayu akhale Zerinda, mayi wa m'filimu ija."

Ndinati, "Filimuyo mwaimaliza?" Akuti ayi. Ha! Ine wokamba nthano ndimadziwa kuti wokoma poyamba ndi amene amadya anzake pomaliza. Mwana wathu atenge dzina la mfiti?

Mbwenu ndakhala ndikupita ku vidiyo kwa Jenda, benchi limodzi ndi akabaza, iwo akundiseka kuti, "Madala agwa m'chikondi!" Chizungu sindimva, koma maso ndili nawo. Zerinda uja anadwazika apongozi ake mpaka kumanda, osathawa.

Lero ndanyamula khandalo, ndalitchula dzinalo ndekha pamaso pa onse: "Zerinda." NyaJere wagwada, misozi ili mbwembwembwe: "Yewo chomene, adada."

Koma Yotamu wandinong'oneza kuti filimuyo ili ndi gawo lachiwiri. Mayi wa m'filimuyu akangosintha mtima, ine...