Mkono Wamanzere wa Ao Dai ya Lanh

Lolemba, 4 Novembala

Nsalu yafika. Lanh wasankha yekha, silika wobiriwira ngati tsamba lanthete la nthochi, wa timaluwa toyera. Ine ndikanatenga wakuderako, koma mwini thupi ndi iye. Chinkhoswe cha mwana wake Diem achikokera pafupi, chikhala Lamlungu pa 17, chifukwa kuchipatala Lanh anamubweza n'kunena kuti zofunika kuchita zichitike msanga. Tonse tinamva tanthauzo lake, koma palibe amene walitchula.

Ndinapita kukamuyeza. Mng'ono wanga yemwe uja ndinkamunena kuti amandithera nsalu, lero tepi yazungulira m'chiuno n'kutsala yambirimbiri. Wanenepa ndi mkono wamanzere wokha, mbali imene anamuchotsa bere.

"Chi Hai," akutero, poti ndi mmene amanditchulira ine mkulu wake, "musasoke ngati mukusokera mkazi wa nduna. Ine ndingofuna ndiime patsogolo pa guwa la makolo, akuchimuna aone kuti Diem ali ndi mayi."

Ndinati tseka pakamwa, ukundisokoneza. Ao dai, diresi lathu lalitali la pamwambo, si thumba la mpunga. Imagwira thupi kuchokera pakhosi mpaka m'chiuno, manja ake othina mpaka pamfundo, ndipo ikaphonya ndi chala chimodzi msewu wonse umaona.

Lachitatu, 6 Novembala

Ndadula. Ndinayala nsalu patebulo kuyambira m'mawa, kuisuntha uku, kuibweza uku, kuti maluwa a kutsogolo adzakumane ndi a kumbuyo pamsoko.

Amuna anga a Phuoc abwera ndi nzeru zawo. Akuti telala wa pamsika amatulutsa ao dai masiku awiri, bwanji osangomupatsa, ine ndikakhale ndi mng'ono wanga. Ndawafunsa ngati anatembenuzapo chovala cha telala ameneyo n'kuona m'kati. Chikomekome cha mkuyu! Maulusi lendelende, misoko yokhota ngati njira ya woledzera. Lanh sanavalepo chosoka munthu wina chibadwire, ndiye ayambe lero?

Angonyamula chipewa chawo n'kupita kukamwa khofi.

Lachisanu, 8 Novembala

Kuyesa koyamba. Ndinangoilumikiza ndi ulusi woyera wongoyembekezera. Diem anamugwiriza mayi ake mpaka pagalasi. L. anadziyang'ana nthawi yaitali, kenako anadzivundukula mpango kumutu, mpala uja poyera, n'kuseka.

"Taonani sisitere wa kukachisi, uja wometa mutu, wavala za ukwati."

Ine sindinaseke. Maso anga anali pachifuwa chakumanzere, pamene nsalu yakhwinyata chifukwa palibe choidzaza. Ndinati pafunika kathonje kosokerera m'kati, koumbidwa bwino.

"Ikanimo lalanje, Chi Hai. Ndikamva njala pamwambo ndizisenda."

Anandipempha kuti ndiisiye, aikoleke pakhomo la kabati aziiona ali gone. Ndinakana. Chinthu chosatha sichikolekedwa poonekera, alendo akubwera tsiku ndi tsiku kudzamuzonda, adzati Hai ndiye wasoka zimenezi? Ndinaipinda n'kubwera nayo.

Loweruka, 9 Novembala

Maluwa sanakumane mbali ya kumanja. Ndamasula msoko wonse.

Lachiwiri, 12 Novembala

Chiuno chakulanso. Osati chiuno chake, cha ao dai. Ndimasoka molondola, thupi lake n'kumandithawa. Ndinabaya mapini mokwiya, sindikudziwa kuti ndimakwiyira ndani. Mkono unalowa, movutikira koma unalowa.

Nditalongedza zanga L. anandigwira malaya. "Khalani pang'ono. Diem waphika phala la mpunga la nsomba, ine landikanika, mudyereni asakhumudwe. Tikambe za kale. Mukukumbuka tsiku lija bwato la bambo linatembenuka ndi mavwende onse?"

Ndinati ndikukumbuka, koma dzuwa likupita, silika sasokedwa ndi kuwala kwa getsi. Tidzacheza Lamlungu likadutsa. Anandisiya malaya aja mosavuta.

Kunyumba a Phuoc anandipeza ndikumasula kathonje ka pachifuwa kachitatu. Anaima pakhomo. "Mayi, ndionetsetse adathetsa nkhosa." Ndinawauza kuti akapeze singano asoke okha. Koma mawuwo andikhala pamtima ngati fupa la nsomba, ndipo mantha ndili nawo. Ndikasiya kusoka, manja akangokhala, mutu umapita kumene sindikufuna.

Lachinayi, 14 Novembala

Diem anaimba foni. Iye amanditchula Di Hai, poti ndine mayi ake aakulu. "Di Hai, bwanji mubwere nayo muwayesenso? Mkono uja ukuoneka ngati wawonjezera."

Ndinati ndinayeza dzana, mwana iwe, mkono si chofufumitsa buledi. Ndatsala ndi mpendero wa m'munsi, ndikupinda ndi manja, kaulusi kamodzikamodzi kuti kunja kusaoneke pamene singano yadutsa. Pa mashini ndikanatha kalekale, koma mpendero wa pa mashini umauma, suuluka munthu akamayenda.

Loweruka, 16 Novembala

Yatha. Ndaisita, ndaikoleka, ndaizungulira kuiyang'ana. Ndaitembenuza, m'kati ndi kunja n'chimodzimodzi. Chiyambire kugwira singano sindinasokepo chinthu chokongola chonchi. Ndalira pang'ono, ndili chapatali kuti ndisaidonthezere.

A Phuoc amati tipite nayo lero ayese. Kwa L. lero ndi utsi wokhawokha, azimayi akukazinga za mawa, mafuta ndi msuzi wa nsomba paliponse. Silika amagwira fungo. Ipita mawa m'mawa m'pepala lake.

Lamlungu, 17 Novembala

Sindingathe kulemba.

Lolemba, 18 Novembala

Ndilembe, mwina zichoka pachifuwa.

Tinafika m'mawa ndithu. L. anali atasamba, Diem atamupaka milomo, atavala kale buluku loyera la silika lovalira m'kati mwa ao dai. Anali ndi mphamvu dzulo, mphamvu zimene anazisunga sabata yonse. Mkono wamanja unalowa bwinobwino. Wamanzere unafika pachigongono n'kuima. Ndinakoka pang'ono, iye analuma mlomo osafuula.

Diem anati, "Di Hai, ng'ambani msoko wa kunsi kwa mkono, tibaye mapini. Ndani akayang'ane kukhwapa kwa mayi?"

L. naye anati, "Ng'ambani, Chi Hai."

Ine ndinati ayi. Zidutswa za nsalu ndinabwera nazo, ndiika kachigamba kowonjezera kosaoneka, mundipatse kanthawi kochepa chabe. Ndinakhala pansi pawindo la kuchipinda n'kuyamba kusoka.

Nthawi yoti akuchimuna alowe pakhomo anaisankha ndi woona masiku amwayi, ndipo nthawi yotero sidikira munthu. Ndinamva njinga zamoto zikuima panja. Ndinamva azakhali athu a Co Bay akulandira mbale za mphatso zokutidwa ndi nsalu zofiira. A Phuoc anasuzumira, "Mayi, alowatu." Ndinati ndatsala pang'ono. L. anati atuluka ndi malaya a m'nyumba omwewo, kenako anadziyang'ana, kamalaya kothimbirira ndi mankhwala, n'kukhalanso pabedi. Anati adikira.

Apa ndiye pondipweteka. Kachigamba kanali katatha theka pamene ndinaona kuti duwa lake layang'ana pansi, pomwe maluwa ena onse ayang'ana m'mwamba. Kunsi kwa mkono, kumene ngakhale udzudzu sufika. Manja anga anamasula okha. Sindinaganize n'komwe. L. ankandiyang'ana ndikumasula.

Fungo la zofukiza linalowa pansi pa chitseko. Tinamva mkulu wa akuchimuna akulankhula, tinamva a Phuoc akuyankha m'malo mwa malemu bambo a Diem. Kenako anthu anaomba m'manja. L. anati chapansipansi, "Mwana wanga amuveka ndolo za chinkhoswe." Anapendeka pang'onopang'ono n'kugona chammbali, nkhope kukhoma.

Pamene ndinkaluma ulusi womaliza, anthu anali atayamba kudya. Ndinati yatha, Lanh, dzuka. Mphamvu zija zinali zitapita. Tinayesa kumukhazika ndi Diem, mutu unangolendewera. Akuchimuna analowa mmodzimmodzi kudzamupatsa moni ali chigonere, atafunda chinsalu. Pa zithunzi zonse za dzulo iye palibepo.

Diem sanandinyoze. Bola akanandinyoza.

Lachitatu, 20 Novembala

Sindinapiteko. Ao dai ili pano, ndinabwera nayo osadziwa kuti ndainyamula. Mashini ndawavundikira.

A Phuoc anapita. Akuti L. sakuthanso kukhala tsonga, mkono sungakwezeke, akangoukhudza amabuula. Akuti anafunsa, "Chi Hai akumasula chiyaninso lero?" Anandiuza akuseka pang'ono kuti nane ndiseke. Ndinapita kuseri kwa nyumba kukatsuka mbale zotsukatsuka kale.

Lachisanu, 22 Novembala

Ndinapita m'mawa, ao dai m'pepala, sizasi yaikulu m'chikwama.

Wachepa. Masiku ochepa omwewa wachepa ngati mwana. A Co Bay anali pampando pafupi ndi bedi akumupepesera ndi chokupizira. Ndinayamba kunena zimene ndinakonza m'njira, koma L. anandidula.

"Mwabwera nayo?"

Ndinati eya.

"Ndiye mukudikira akuchimuna enanso?"

Kuti alowemo monga mwa masiku onse kunali kosatheka, munthu wosadzuka, mkono wosapindika. Ndinayala ao dai pansi chafufumimba. Ndinaika sizasi pampendero uja ndinapinda ndi manja n'kudula pakati pa msana, kukwera mpaka kutulukira pakolala. Silika amalira akamadulidwa, sindinkadziwa kuti amalira mokweza chonchi. Sindinajambule mzere ndi choko ndipo ndinadula mokhota.

A Co Bay anaimirira. "Hai, wapenga? Chovala chong'amba kumsana amaveka munthu wamoyo? Kwatsala n'kudula mabatani basi, monga tichitira ndi maliro! Ukumuitanira chiyani mwanayu?"

"Asiyeni, azakhali," anatero L. "Tsiku limenelo ndidzakhala nditatsinzina. Ndiyeseretu ndikadali ndi maso."

Tinamulowetsa manja chakutsogolo, ine ndi Diem, pang'onopang'ono. Wamanzere unadutsa bwino pa kachigamba kaja. Mbali zodulazo tinazifinyira kunsi kwa msana wake. Diem anachotsa galasi pakhoma n'kuligwira pamwamba pa bedi. L. anadziyang'ana kuyambira pakhosi mpaka kumapazi. Anasisita maluwa a pachifuwa ndi dzanja lamanja.

"Diem, imba foni kwa mnyamata wako. Abwere ndi mayi ake. Uvale ndolo zija."

Mnyamatayo anabwera masana, mayi ake atanyamula malalanje. Anaima m'mbali mwa bedi, Diem anagona chogundana ndi mayi ake, a Phuoc anajambula ndi foni. Ine anandikokera pakati ndili ndi sizasi m'manja.

Alendo atapita ndinaona maulusi obiriwira atayamba kuyoyokera pamphasa ya pabedi. Ndinati Lanh, ndivule ndikapinde m'mbali modulamo, mawa ndibwera nayo.

"Ayi. Mukapita nayo inu sibwerera. Khalani pansi."

Ndinakhala. Ndinadya phala la mpunga limene linamukanika. Anandisimbira za bwato la mavwende, ndipo analakwitsa, anati ndine ndinalira pomwe analira ndi iye. Ndinamusiya. Anagona chiganizo chisanathe, atavala ao dai yake.

Diem anandiperekeza mpaka pamsewu. A Phuoc atayatsa kale njinga, Diem anandigwira dzanja.

"Di Hai, mayi akuti tisawavulenso. Ndiye mabatani aja, nthawi ikakwana, mudzadula ndinu? Ine sindingathe."

Ndinati ndidzadula ndine. Sizasi ndaisiya komweko, m'kabati ya Lanh.