Anakhutitsa tizilombo tanga mpaka tinasiya kupanga mankhwala

Aphungu,

Mtima wanga uli m'malere, ndipo kuno ku labotale ndilibe woti n'kumuuza, poti aliyense ndi khutu la a Pulofesa.

Ndine mtsikana, ndikuchita digiri yachiwiri. Chaka chatha ndinatapa dothi m'munda wa zipatso wa malemu bambo anga ku Sangju, ndipo ndinapezamo tizilombo timene timatulutsa mankhwala opha majeremusi aja osamva mankhwala a kuchipatala. Ndimatilera m'mabotolo, mumsuzi wophika ndekha: madzi, ufa wa soya ndi kashuga pang'ono. Digiri yanga yonse yatsamira pa tizilomboti, ndipo mwezi wamawa ndikaonekera kwa aphunzitsi ondiyesa.

Pa chikondwerero cha zokolola cha Chuseok ndinapita kwathu kukalambula manda. Mukudziwa mwambo wa m'labotale, wamng'ono akachoka, wamkulu ndiye amamuyang'anirira ntchito, ndipo kukana ndi mwano. Tizilomboto ndinasiyira achemwali ena a mu labotale amene akhalitsa muno, ndingowatchula kuti a Baek. Pobwera, kalanga ine! Mabotolo ali tho, tizilombo tachulukana kuposa kale. Koma nditayeza, mankhwala mulibe ngakhale dontho. Majeremusi akungoswana pambale yoyezera.

Nditawafunsa anaseka, amvekere, "Iwe mwana, kamsuzi kako kaja ndi madzi okhaokha, ana ako amafa ndi njala! Ndawaphikira wanga wonona, ndathiramo shuga wambiri ndi mchere wa fosifeti. Zikomo wake ali kuti?" Ine ndinawerama n'kuthokoza.

N'zoona kuti a Baek amakonda kudyetsa anthu, amakuikira nyama m'mbale usanapemphe. Koma chaka chamawa malo a ntchito muno ndi amodzi okha, ndipo kafukufuku wawo anaima kalekale. Munthu wa zaka zonsezi angalakwitse chonchi? Ndiye taonani, chichitikireni izi akumandigulira khofi m'mawa uliwonse, zimene sanachitepo. Ndikawanenere kwa a Pulofesa?

H.S., Daejeon

Mwana wanga H.S.,

Tayamba wakhala pansi. Ndafunsa mnzanga wodziwa za tizilombo, ndipo akuti zimenezi si zachilendo. Tizilombo ta m'dothi ta mtundu umenewu timapanga mankhwala chakudya chikayamba kuchepa, pofuna kuthamangitsa tinzake tolimbirana nato chakudyacho. Ukatipatsa shuga ndi fosifeti wambiri, timangonenepa n'kuiwala nkhondo. Choncho mwina tizilombo tako sitinaonongeke, tangokhuta.

Chita izi. Tenga mbewu imodzimodziyo ya tizilombo tako, ina uilere mumsuzi wako, ina mumsuzi wa a Baek. Upemphe kaphikidwe kake mwaulemu, unene kuti ukufuna kuphunzira, ndipo sukhala ukunama. Mankhwala akabwerera mumsuzi wako, digiri yako yapulumuka, ndipo wapezanso chinthu chabwino chokauza aphunzitsi aja. Akapanda kubwerera, ndiye kuti m'mabotolomo munalowa zina, ndipo pamenepo pita kwa a Pulofesa. Koma ukanene za mabotolo okha, dzina la munthu ulisiye pakhomo. Iwenso ukudziwa, wamng'ono akaneneza wamkulu popanda umboni, amene amasamuka ndi wamng'onoyo.

Tsono za mtima wa a Baek. Ndikanakonda kukuuza kuti ndi chifundo chabe, koma sindikunamiza, khofiyo nanenso wandidabwitsa. Munthu amagula khofi chifukwa cha manyazi, amagulanso pofuna kukutseka pakamwa. Uonetsetse pamene ukupempha kaphikidwe kaja. Wolakwitsa mwangozi amakuuza zonse nthawi yomweyo, mwinanso n'kupepesa. Wochita dala amayamba za "sindikukumbukira bwino".

Nawenso ndikudzudzule pang'ono. Ulemu ndi wabwino, koma sukuletsa kunena kuti, "Achemwali, chonde muzipatsa tizilomboti msuzi uwu wokha." Unachoka osanena, poopa kuoneka ngati ukuphunzitsa wamkulu.

Pomaliza, usadikire zotsatira. Lero lomwe tenga mbewu ya tizilombo tako ukaisunge mufiriji ina, ndipo usauze aliyense. Ngati a Baek ndi osalakwa, palibe chimene wawalakwira. Ngati anachita dala, dziwa kuti ulendo woyambawu anangothira shuga, ndipo angathe kuchita zoposa apa mwezi wamawa usanafike.

Aphungu