Kuno Saimba Belu

Okondedwa Amalume,

Ndikhulupirira muli bwino, ndipo bondo lija lasiya kukuvutitsani. Ine ndilipo.

Amalume, kuno ku koleji saimba belu. Palibe amene anandiuza. Sabata yoyamba ndinkangokhala pabedi nditavala kale nsapato, kudikira kuti lilire, anzanga ali m'kalasi. Nditazindikira, manyazi anandigwira. Ndikanalowa bwanji anthu atadziwana kale? Ndinayamba kubisala ku laibulale, n'kumajambula nkhope za anthu m'makope. Makope awiri adzaza, koma manotsi mulibemo.

Munkati kukhala ndi anthu a mitundu yosiyanasiyana kudzanditsegula mutu. Mitundu ilipodi, koma kodyera aliyense amakhala ndi a chilankhulo chake. Ine ndimadya choimirira pafupi ndi sinki. Amene ndimagona naye chipinda chimodzi ndiye munthu. Akamayankhula ndi kwawo pafoni sinditolapo kanthu, amapempheranso mosiyana ndi ife, komabe ndi iye yekha amene anandifunsa kuti, "Iwe, kodi umaphunzira nthawi yanji?" Ndinaseka. Iye sanaseke.

Dzulo a koleji anapachika mndandanda wa ololedwa kulemba mayeso. Ndinauwerenga katatu, chala chili papepala. Zimenezo tidzakamba pamaso.

Amayi muwauze kuti ndanenepa. Sutikesi munandibwereka ija ndaisamala, zipi yake ili bwinobwino. Koma ndikufunseni, Amalume: kachipinda kanu kakuseri kaja, mukusungiramobe matayala akale? Ngati n'kotheka, muyambe kuwatulutsa.

Ndine,
mwana wa mlongo wanu.