Sindinapatuke Pamzere

Amayi,

Pepani kuti ndikukuvutitsani kumene mukupumulako. Kodi muli bwanji kumeneko? Ife tilipo. Ndikulemba pang'onopang'ono kuti ndisalakwitse, chifukwa mapepala atsala awiri okha m'kope langa la kusukulu lija.

Mchemwali wanga Luiza anabereka mwezi watha, mwana wamkazi. Akuyamwa bwino. Chimanga chomwe munadzala sitinakolole. Kuno timalandira ufa wachikasu ndi nandolo. Amayi aang'ono a Rozita akuti ufawo umawatsegula m'mimba, koma amadyabe.

Tikukhala tsidya lino la Ruo, ku Malawi. Inu simukudziwa zimenezi. Tinakuikani m'mawa, masana mfuti zinayamba kulira cha ku Mongue, ndipo tinathawa osameta, osabwereranso kumanda kudzakutsazikani. Papita miyezi isanu ndi iwiri, palibe wakulotani. Amayi aang'ono akuti munthu amene sanatsazikidwe amangozungulira m'mabwinja kufunafuna ana ake. Inunso munkandiuza, ngakhale ndikungopita kudambo: "Uzinena kumene ukupita, Felisita, ndisamakufunse kwa anthu."

Pali gulu limene limawoloka kukakumba chinangwa m'minda yomwe tinaisiya. Amalitsogolera a Fabiyao, aja ankatchera nguluwe kuphiri. Panapita masiku atatu ndisanalimbe mtima kuwapempha kuti ndipite nawo. Anandiyang'ana kumapazi.

"Lamulo ndi limodzi, mwanawe," anatero. "Uziponda pamene waponda wa patsogolo pako. Ukafuna kutaya madzi, utaye uli pomwepo."

Azimayi anaseka. Sindinawauze chimene ndinkapitira. Iwo ankaganiza kuti ndi chinangwa.

Tinawoloka kutangocha, tilipo khumi ndi anayi. Msewu wa njinga uja sitinadzere, akuti anakwiriramo mina, mabomba ophulika munthu akaponda. Tinakwera m'mapiri. A Fabiyao anali patsogolo ndi ndodo, akumayenda ngati akuwerenga pansi. Mwina mapiriwo ndi okongola, sindikudziwa. Ulendo wonse ndinkangoona zidendene za a Joakina amene anali patsogolo panga. Chakumanzere chili ndi mng'alu waukulu. Pokwera chitunda chachiwiri ndinawayandikira kwambiri, iwo n'kunong'ona: "Ponda phazi langa likachokapo, mtsikana, osati lidakalipo."

Tinapuma kamodzi, aliyense atakhala pamene anaima. Ndinadya mbatata imodzi. Sindinamve kukoma kwake.

Dzuwa lili pamutu tinayamba kutsikira kwathu. Njira imene a Fabiyao amadzera imadutsa chakumtunda kwa manda. Ndinauona mtumbira wanu, Amayi. Wamera udzu, ndipo mtanda wa nsungwi uja unagwa. Ndinayesa ndi maso, anali mapazi ngati makumi atatu kuchoka pamzere. Mawu onse ndinali nditakonza kale: kumene tili, amene tili nawo, njira yake. Koma munthu satsazika kholo ali chiimire panjira. Ndinayenera kufika pomwepo ndi kugwada. Mzere sunaime, nanenso miyendo inangopitirira. Ndinkayesa ndilira. Sindinalire.

Nyumba yathu denga linapsa. Mtondo ulipo, uli chogona. Tinakumba chinangwa m'munda wa kumtunda, pamene a Fabiyao anatiloza pokha. Pobwerera tinadutsanso chakumtunda kwa manda kuja. Ndinali nditasenza chinangwa chomanga m'nsalu yanga ya kapulana, ndiye sindikanatha kutembenuza khosi. Ndinangodziwa kuti tapitirira nditaona mapazi ayamba kukwera.

Nditafotokozera amayi aang'ono, anati: "Wabwera ndi miyendo yonse iwiri. Khala pansi udye."

Ndiye ndati ndikulembereni njira, mwina mungathe kubwera nokha. Mukachoka kumanda mukwere phiri la kumadzulo mpaka pa mkuyu wopsa mbali imodzi. Mutsike m'nsungwi, mukwerenso kawiri, Ruo mudzamuona m'munsi. Muwolokere pamene pali miyala itatu yafulati. Tsidya lino misasa ndi yambiri ndipo imafanana. Wathu uli pafupi ndi mtengo wa mango, chitseko chake ndi cha mapesi, ndipo mudzamva mwana akulira. Kalatayi ndikaiwerenga m'mbali mwa mtsinje nditayang'ana kwathu. Sindikudziwa ngati zimenezi zimakwanira. Simunandiphunzitse.

Gulu likupitanso Loweruka, ndipo a Fabiyao andilola. Akuti ndimayenda bwino, sindilankhula. Dzulo ndinawafunsa ngati mina amakwiriranso kumanda. Iwo anati: "Okwirirawo samandiuza."

Ndilibe mantha, Amayi. Palibe chimene ndikumva masiku ano, ndipo Luiza akuti chimenecho ndi chimene chikumuopsa. Ndikungofuna kudziwa chochita. Ngati mwamva, mubwere m'maloto kwa aliyense wa ife, ngakhale kwa amayi aang'ono, simukusowa kunena kanthu. Ndikadziwa kuti mwatipeza, ndikulonjeza kuti ndidzaponda pamene aponda ena mpaka nkhondo idzathe. Mukapanda kubwera, Loweruka ndidzapatuka pamzere ndi kudzagwada pamene mwagona.

Lero ndi Lachiwiri. Chonde mundiyankhe msanga.

Ndine mwana wanu wokukondani,
Felisita