Miyezi ya Apongozi Yakwana

Iponga, Karonga
Lachiwiri

Okondedwa achemwali anga, mayi a Chancy,

Landirani moni wochokera kuno kumpoto. Muli bwanji ku Mponela? Alamu ali bwanji, mwendo uja unasiya kutupa? Chancy ndikhulupirira wakula moti nditakumana naye pamsika ndingamudutse. Ine kuno ndilipo. Ndikanena kuti ndili bwino ndiye ndakunamizani, ndipo inu simunamizika.

Musadabwe kuti ndalemba kalata ngati munthu wakalekale. Foni yanga akusunga ndi alamu anga a Yunike, mchemwali wake wa mwamuna wanga Lughano, ati foni ndi imene imalowetsa amuna m'nyumba. Kalatayi ndapatsira Emma, mayi wa geni ya zitenje amene akukwera basi ya ku Lilongwe. Wandilonjeza kuti mawa atsikira pa Mponela, akupatseni m'manja.

Nkhani ndi ya mimbayi. Mukukumbukira kuti Lughano anabwera kuchokera ku Joni kumayambiriro kwa Disembala, n'kubwerera m'Januwale tikuwokera mpunga. Apongozi miyezi yawo amawerenga kuyambira tsiku limene mwana wawo anatsika basi, ngati kuti mimbayi anabwera nayo m'chikwama pamodzi ndi mabulangeti. Ndiye kwa iwo nthawi inakwana kale Sepitembala uno asanayambe. Kusikelo akuti ayi, mwana abadwa mu Okutobala. Nditafotokoza zimenezi kunyumba, apongozi anangoyankha kuti iwo anabereka ana awo onse osafunsa makina.

Poyamba ndinkaseka. Kenako ndinazindikira kuti ndikuseka ndekha. Kwa iwo, mwana akachedwa ndiye kuti si wa Lughano, analowa mwini nyumba atachoka.

Ndipo mwini mimba amupeza kale. Kuno kunali mlangizi wa zaulimi, a Wallace, wa kwathu ku Dowa. Tsiku lina kumunda anandilonjera m'Chichewa chenicheni cha kwathu, n'kundifunsa ngati nthochi zophika zandizolowera kapena ndimangomeza mwaulemu. Ndinaseka mpaka misozi. Achemwali, munthu wokhalira kugwedeza mutu pa nkhani za Chinkhonde zimene akumva theka, akamva chinenero cha amayi ake amaiwala kuti pali maso. Tchimo langa lonse ndi limenelo. Bamboyo anasamutsidwa kalekale, sakudziwa n'komwe kuti ku Iponga amupatsa mwana.

Choncho ntchito yotulutsa mwana inayambika. M'mawa uliwonse ankandimwetsa madzi a therere, ati njira iterere. Anandipatsa mtondo kuti ndisinje mpunga wa banja lonse, ati mwana waulesi amadzuka ndi musi. Ndayenda wapansi kupita kumsika ndi kubwerera dzuwa likuswa mtengo, mkoko wa nthochi uli pamutu. Nanazi ndadya mpaka lilime kuchita zilonda. Mwana wanuyo osatekeseka, ankangondiponyera mateche ngati akuti ndisiyeni ndigone. Makani amenewa ndikudziwa kumene watengera, inu musaseke.

Lachisanu lapitali apongozi analowa ndi kapu ya phala lothira mwanamphepo, mankhwala aja oyambitsa matenda a uchembere. Ndinakana. Anati wopanda chobisa saopa kapu. A Yunike anaima pakhomo manja ali m'chiuno. Ndinamwa.

Ululu wotere sindinaumvepo chibadwire. Mimba inauma gwa ngati mwala, osamasuka, osandipatsa mpata wopuma monga amanenera kuti matenda enieni amachitira. Ndinagubuduka pamkeka masana onse, ndinataya magazi pang'ono, dzuwa litapendeka zonse zinangoleka. Mwana sanabwere. Apongozi anatola kapu yawo n'kunena kuti mankhwalawa sanama: magazi a pakhomo pano amawamvera, mlendo ndiye amakana.

Kuyambira tsiku limenelo mateche aja achepa. Ndimakhala pansi pa mtengo wa mango, dzanja pamimba, kudikira. Nthawi zina amagwedezeka pang'ono ngati munthu wotembenuka m'tulo. Lamlungu sindinamumve tsiku lonse mpaka madzulo. Ndili ndi mantha, achemwali, mantha amene sindinakhalepo nawo.

Dzulo m'mawa ndinanyamula ndowa ngati ndikupita kumjigo, n'kukatulukira kuchipatala chaching'ono. Namwino, mayi wa ku Zomba, anamvetsera pamimba nthawi yaitali. Anati mtima wa mwana ukugunda koma mofooka. Anandiyang'ana m'maso n'kufunsa chimene ndamwa. Koma anali atadziwa kale. Anangoti ndikamwanso, chiberekero chikhoza kung'ambika, tonse awiri n'kupita. Anandiuza kuti ndipite kuchipatala chachikulu ku Boma ndikadikirire komweko, koma ndipite ndi munthu wokandiphikira ndi kundichapira.

Munthu ameneyo ndimutenga kuti? Apongozi ati kupita ku Boma nthawi ino n'kuthawa mlandu, ndipo wothawa mlandu wauvomera. A Yunike ati iwo sangagone pakhonde la chipatala chifukwa cha mwana wa mlangizi. Amayi a kumpingo amandimvera chisoni, koma ambiri ndi okwatiwa kuno ngati ine, aliyense akuopa apongozi ake. Tikakumana panjira amangoti pole, kupepesa kwa kuno, n'kufulumiza mapazi.

Madzulo ake Lughano anaimba. A Yunike anakweza mawu a foni, banja lonse litakhala pabwalo. Ndinamufotokozera zimene namwino ananena. Ndinamupempha kuti angonena mawu amodzi, kuti mwanayu ndi wake, pakuti akudziwa yekha. Anakhala chete moti ndinkamva magalimoto a ku Joni akudutsa. Kenako anati iye za miyezi ya akazi sazidziwa, ndimvere amayi, chilungamo chioneka chokha. Mtima unandikwera, ndinamufunsa ngati m'Januwale muja anayamba wafunsa amayi ake. Foni inadulidwa, ndipo tsopano ndili ndi milandu iwiri, wachiwiriwo ndi wa mwano.

Munthu ameneyu ndinamukonda, inu mukudziwa. Munandifunsa ngati ndingathe kukakhala kutali chonchi, kopanda mbale ndi mmodzi yemwe, ine n'kukuyankhani kuti iye ndiye adzakhale mbale wanga. Usiku wathawu sindinalire chifukwa cha apongozi ayi. Ndinalira chifukwa cha chete uja.

Tsopano atumiza uthenga ku Uliwa kwa azakhali ake a Lughano, amene mankhwala awo ati sabwerera chabe. Afika Lachisanu. Ndikamwa, namwino wanena kale chimene chingachitike. Ndikakana, andilongedzera chikwama, ndipo mwanayu adzakula akulozedwa zala pa chinthu chimene mayi ake sanachite.

Mudzati bwanji osangothawa. Ndaganizapo. Koma ndikatuluka ndekha mozemba, bodza lawo lasanduka choona, palibenso adzalichotse. Ndipo ndikuuzeni zoona, pakuti kwa inu sindibisa: ndikudzidziwa. Pakamwa pokha ndiye ndili napo. Lachisanu akandiikira kapu m'manja, anthu onse atazungulira, maso ali pa ine, ndimwa. Ndikudana nazo, koma ndimwa.

Bwerani, achemwali. Ndikudziwa kuti alamu sali bwino, ulendo ndi wautali, ndipo pakhomo panu palibe wina wogwira. Sindinakupempheni kanthu chikwatiwire, lero ndagwira mwendo wanu. Mukafika Lachinayi, tidzatuluka pakhomo pano dzuwa likuwala, anthu akuona, munthu ndi mkulu wake akupita kuchipatala. Inu apongozi sangakuimitseni. Inu mumayankhula pang'onopang'ono mpaka munthu kuchita manyazi yekha, pamene ine ndimangopsa mtima.

Ndikulemba chonchi koma mtima ukundiuza kuti nthawi ndi yochepa. Basi ikhoza kufa panjira, Emma akhoza kukusowani, inu mukhoza kulephera kunyamuka. Mukachedwa sindidzakuimbani mlandu, ngakhale ndili kuti.

Koma mukapeza zitachitika kale, musadzakangane ndi munthu pa za ine, sizidzabweza kanthu. Ndikupemphani chinthu chimodzi chokha. Ndamva kuti kunonso mwana wobadwa wakufa amakamuika amayi okhaokha, mwamsangamsanga, bambo osamuona. Ngati mungafike asanatero, musadzalole kuti amukulunge inu musanamuone nkhope. Mudzamujambule ndi foni yanu, mutumize kwa Lughano. Musadzalembepo mawu alionse, adzadzionere yekha.

Mundiperekere moni kwa alamu, kwa Chancy, kwa amalume ndi onse a ku Dowa. Mulungu akusungeni ndipo akutsegulireni njira.

Amayi musawauze zimenezi, mtima wawo mukuudziwa. Mungowauza kuti ndapereka moni, ndipo mdzukulu wawo ali pafupi.

Ndine mng'ono wanu,
Mayamiko