Makosi a Nkhuku Kuseri kwa Nyumba

Puli,
3 Sepitembala 2023

Okondedwa achemwali anga a Giok-hun,

Ndikhulupirira kalata ino ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu, ndiponso kuti bondo lawo lija lasiya kuwavutitsa. Kuno tikungokankha masiku. Mvula ya chaka chino yatitopetsa, zovala sizikuuma, ndipo msana wanga wayamba kundikumbutsa zaka zanga m'mawa uliwonse. Musadabwe kuti ndagwira cholembera pamene lamya ilipo. Pa lamya mumayankhula nokha, ine n'kumangoti eya, eya, mpaka khutu kutentha. Lero mukhale chete, muwerenge.

Nkhani ndi ya mwana wanga A-Kun, amene ndi wanunso, ndi galu wake. Mukudziwa kuti ponyamuka chaka chatha kubwera ku ntchito ya kufakitale kwanuko ku Kumamoto, anandisiyira Dongua, galu wakuda uja anamutola kuseri kwa malo okwerera basi chaka chimene mkazi wake anamuthawa. Chimene simukudziwa n'chakuti galuyu sadya monga agalu anzake. Anamutola ali zilonda zokhazokha, ubweya utathothoka, ndipo chakudya chouma cha m'matumba chija chinkangowonjezera kuyabwa. Anadzachira pamene A-Kun anayamba kumupatsa nyama yaiwisi ndi mafupa. Tsono tsiku lonyamuka mwana wanu anandiimika kutsogolo kwa filiji yatsopano, yodzaza ndi timapaketi touma gwa, n'kuyamba kundiphunzitsa ngati mwana wa sukulu.

"Amayi, mafupa musaphike, mwamva? Muli khosi la nkhuku, kachiwindi pang'ono, ndi mtima. Mungotulutsa kapaketi madzulo, m'mawa mukhuthulire m'mbale, basi. Simugwira n'komwe."

Ndinati, "Iwe, m'nyumba muno munalowa liti nyama?"

Iye akuti, "Nanga mukudya ndinu? Ndi miyezi yochepa chabe, pofika Chaka Chatsopano ndabwera."

Mpaka lero mwanayu amaganiza kuti ndinasiya nyama chifukwa cha m'mimba. Inu nokha ndi amene munalipo, achemwali, chaka chija ali ndi zaka zisanu, chifuwa chikulira ngati ketulo, dokotala ataitanira malemu bambo ake pambali. Munandiperekeza kukachisi wathu wa kuphiri, ndinagwada pamaso pa Mayi Kuan-im, mulungu wathu wa chifundo, n'kunena kuti mukandisiyira mwanayu, nyama sidzalowanso m'kamwa mwanga, ndipo mpeni wanga sudzaikhudza. Potsika masitepe munandikalipira kuti, "Za mpenizo wawonjezeranji? Pakamwa pokha sipanakwane?" Tinaseka misozi ili m'maso. Mwana anachira, ndipo kuyambira pamenepo ndakhala ndikuphika m'khitchini ya kukachisi. Bambo ake atamwalira, khitchini imeneyo ndi imene inandiimika pa miyendo.

Chaka Chatsopano chinafika, A-Kun osabwera. Akuti awonjezera nthawi ya ntchito. Timapaketi tija tinatha. Iye anaimbira A-Tiat, mkulu wadazi uja wogulitsa nkhuku pakona ya msika wam'mawa, kuti azindisungira makosi, ziwindi ndi nthutumba, ine ndizingokatenga. Kungokatenga! Mawu ake n'ngopepuka akamanenedwa kutsidya kwa nyanja.

Poyamba sindinapite. Ndinati galu ndi galu, adya zimene ndikudya ine. Ndinamupatsa mpunga, mbatata, tofu wa soya ndi maungu, ndipo masiku oyamba anadya mondilemekeza. Kenako anayamba kudzikanda. Ankakanda mpaka makutu kutuluka magazi, pakhosi n'kusenduka, akuyenda modzikhula kukhoma akulira pansipansi. Sindinapirire. Ndinavala chipewa chachikulu ndi chophimba kukamwa, n'kupita kumsika ngati wakuba.

A-Tiat anandizindikira ndisanatsegule pakamwa. Anafuula msika wonse kumva, "Aaa, Mayi a bowa! Lero mwasochera? Kapena Buddha wakupatsani tchuthi?"

Ndinati, "Tatsitsa mawu, dazi iwe. Kulunga msanga ndizipita."

Akukulunga anati, "Musadandaule, mayi. Palibe nkhuku imene inaphedwapo chifukwa cha khosi lake. Izi mukapanda kutenga ndimataya."

Mawu amenewo ndinawanyamula pamodzi ndi jumbo, ndipo ndimadzitonthoza nawo mpaka pano, ngakhale sakwana.

Tsiku limenelo ndinachita chopusa. Nditaona magazi aja m'mbale, ndinati bola ndiwiritse pang'ono, asaoneke. Ndinabwereka poto wakale kwa aneba, ndinawiritsa makosi aja mpaka kuyera, n'kumupatsa. Anakukuta mosangalala. Posakhalitsa anayamba kutsamwa, dovu tuu, akukanda kukamwa ndi mapazi. Ndinamukweza pa njinga yamoto, n'kuthamangira naye kuchipatala cha ziweto. Dokotala wa ziweto, mtsikana woti ndingamubereke, anazula kafupa kakuthwa kummero n'kundionetsa pansi pa nyali. Anati, "Agogo, fupa lophika limagamphuka ngati galasi. Kapena mumupatse laiwisi, kapena musamupatse n'komwe." Ndinangoti zikomo. Zimenezi A-Kun sadziwa, ndipo musamuuze.

Kuyambira pamenepo ndimo mmene ndikukhaliramu. Ndinagula mpeni wina ndi thabwa lina, ndimazisunga kuseri kwa nyumba pafupi ndi mpopi, kutali ndi guwa la pabalaza. M'mawa ndimayamba ndayatsa lubani, kenako n'kutuluka kukadula chiwindi. Chimaterera, achemwali, chimathawa m'manja, ndipo fungo lake limalowa pansi pa zikhadabo. Ndimapima pa sikelo monga anandiuzira, ndimaika khosi pamwamba, Dongua n'kumandiyang'ana mchira ukumenya ndowa. Akamakukuta ndimatembenuka, koma makutu alibe chotsekera. Ndikatero ndimasamba m'manja ndi sopo, kenako ndimu, kenako sopo. Khungu la m'zala zanga lang'ambika lonse. Koma galuyo, ndinene zoona, wasalala, ubweya ukuchita kunyezimira.

Ku Puli kulibe chinsinsi. Tsiku lina kukachisi, ndikusenda mphukira za nsungwi, Mayi Ang, amene amayang'anira khitchini, anandiitanira kuseri kwa matanki a madzi. Mukuwakumbukira, aatali aja oyankhula motsitsa. Si munthu woipa, ndipo pa maliro a bambo a A-Kun ndiwo anagona kwathu.

Anati, "Giok-lan, anthu akukuona kwa A-Tiat."

Ndinati, "N'za galu wa mwana wanga. M'kamwa mwanga simunalowe kanthu."

"Ndikudziwa. Koma A-Tiat amakusungira iweyo, dzina lako lili pa jumbo. Manja amene adula chiwindi m'mawa ndi omwewo akukonza mbale zokaika paguwa masana. Anthu amabwera kudzadya kuno chifukwa amakhulupirira miphika yathu. Ndiwayankhe chiyani?"

Akanakhala wina, inenso ndikananena zomwezo. Anandiuza kuti kuseri kwa phiri kuli malo osungira agalu osowa eni, kachisi amathandizako, ndipo atha kundipezera malo. Anati ndiganize, koma phwando la mizimu la mwezi wachisanu ndi chiwiri wa kalendala yathu yakale lisanafike ndikhale nditasankha.

Ndinalowa kukafunsa kwa Mayi Kuan-im. Ndinagwada, ndinafotokoza zonse, n'kuponya timatabwa tiwiri tofunsira tija. Simungakhulupirire: timatabwato sitinavomere, sitinakane, tonse tiwiri tinagwa chagada, kuja timati Mayi akuseka. Ndinaponyanso, kusekanso. Ndinadzuka mawondo akuwawa, ndipo ndinanena mokweza kuti, "Sekani, Mayi, inu simupita kumsika." Mkulu wosesa anandicheukira.

Tsono ndinaimbira A-Kun kuti ndimuuze abwere adzatenge galu wake. Mwana wanu akayankha lamya sayamba ndi kufunsa za ine. Amati, "Ali kuti bwana wanga? Tamuonetseni." Ndinatembenuza lamya, Dongua anayamba kulira n'kunyambita galasi, ndipo ndinamva A-Kun akuseka. Achemwali, inu simunamuone chaka chimene mkazi wake anachoka. Ankagona chotseka makatani, mpunga ndinkauchotsa pakhomo pa nyumba yake mmene ndauikira. Ine mayi wake ndinalephera kumudzutsa. Anadzuka chifukwa kagalu kazilonda kankafuna kudya m'mawa, ndipo panalibe wina wokadulira makosi.

Ndinayamba kuti, "A-Kun, galuyu wandilemera."

Anati, "Ndikudziwa, amayi, pepani. Komwe ndikugona kuno salola ziweto. Pirirani pang'ono. Kunena zoona, ndikaweruka ndilibe woyankhula naye. Ndimangoona zithunzi zimene mumanditumizirazo, n'kumati ndipirire, kwathu kuli ondidikira."

Zotsalazo ndinameza. Ndinangomufunsa ngati akudya mokwanira.

Komabe phwando litayandikira, ndinalimba mtima. Ndinati lonjezo ndi lonjezo, ndipo ndinalichita chifukwa cha mwana yemweyu. Ndinakweza Dongua pa njinga yamoto, anakhala pa mapazi anga monga amachitira, makutu akuuluka, akuganiza kuti tikupita kumtsinje. Tinafika pa geti la malo aja. Anthu ake ndi achifundo, koma agalu ndi ochuluka, ndipo onse amadya chouma chija m'mabeseni aakulu, nanga angachite bwanji. Mayi wina wovala jombo anabwera n'kufunsa kuti, "Ndi ameneyu?" Dongua sanatsike. Anangoika chibwano pa bondo langa. Ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Ayi, ndasochera njira." Ndinatembenuza njinga.

Pobwerera ndinadzera kukachisi. Galu ndinamumanga pa mtengo kunja kwa mpanda, ndinalowa, ndinavula epuloni yanga pa msomali pamene yakhala zaka zonsezi, n'kuipinda, n'kuipereka kwa Mayi Ang. Anaigwira nthawi yaitali. Anati, "Msomali wako sitipachikapo kanthu." Ndinawathokoza. Chipande changa chachikulu chija, chimene chinapindika chogwirira, ndinachisiya, chifukwa chija sichinakhudzepo magazi.

Lachitatu lapitali linali phwando. Ndinakhala kunyumba. Ng'oma ndi mabelu zinkamveka kuchokera kuphiri, ndipo ndinkadziwa mmene zonse zikuyendera, kuti tsopano akuphula mpunga, tsopano wina wathira mchere wambiri m'msuzi wa bowa chifukwa palibe womumenya padzanja. Aneba anandibweretsera mbale ya zotsala. Mcherewo unalidi wambiri.

Madzulo a tsiku lomwelo A-Kun anaimba. Tikucheza, anatsokomola. Anatsokomolanso, chifuwa chouma chochokera pansi, ndipo pokoka mpweya ndinamva ngati kakulira pang'ono. Mwina ndi lamya. Mwina ndi makutu anga. Ndinafunsa, iye akuti, "Aaa, amayi, ndi mpweya wozizira wa m'fakitale, aliyense kuno akutsokomola." Anasintha nkhani, n'kufunsa ngati A-Tiat akundipatsa ziwindi zatsopano. Chiyambire tsikulo sindikudya bwino. Ndikagwira mpeni uja ndimamva mawu anga a pa masitepe a kachisi, ndipo ndimaopa, achemwali. Ndikuopa kwambiri. Ndikasiya kudula, galu abwerera ku zilonda, ndipo sindikudziwa kuti mwana wanu adzatsala ndi chiyani. Ndikapitiriza, ndiye kuti ndikuswa tsiku ndi tsiku chimene ndinalonjeza kuti iyeyo akhale ndi moyo. Ndatopa kuganiza.

Pempho langa ndi ili. Kwa inu ndi pafupi, mungokwera sitima. Mupite Lamlungu likubwerali, mumutengere mapeyala aja onga maapozi, owiritsa ndi shuga, monga ankatiphikira amayi tikadwala chifuwa. Musamufunse mafunso, mumamudziwa, adzakunamizani akumwetulira. Mungokhala naye pafupi, mumusiye ayankhule, inu muzimvetsera mpweya wake. Kulira kuja mumakudziwa, munakumva nane limodzi. Ngati kulipo, mumukokere kuchipatala ngakhale akane, ndipo mundiimbire nthawi yomweyo. Ngati kulibe, mundiimbirebe, ndipo tsiku limenelo ndidzakulolani muyankhule mpaka mutatopa. Za lonjezo lija musatchule. Mwanayu wasenza zokwanira, asadzayambe kuyang'ana galu wake ngati mlandu.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze asakwere masitepe kwambiri. Moni kwa ana ndi zidzukulu, makamaka kakang'ono kaja kamene kamakana kunditchula agogo. A-Tiat akuti mukadzabwera mudzamuone, akuti inu ndinu kasitomala weniweni, osati ine wogula zotaya. Mayi Ang tinakumana pamsika dzulo, ine jumbo ili m'manja. Anandigwadira mutu, ndinawagwadira mutu, ndipo anafunsa za inu.

Ndilekeze pano, bwana uja wayamba kukanda chitseko cha kuseri. A-Kun akakafunsa za ine, mukamuuze kuti amayi ali bwino, akuphikabe kukachisi, ndipo Dongua wanenepa. Musavutike mumtima, za galuzo si bodza.

Ndine mng'ono wanu wokukondani,
Giok-lan